Ndani ayankha kwa ndani pantchito?

Zikomo mayi a ku Mchinji chifukwa cha kalata yanu. Mwati pakampani yanu yogula ndi kugulitsa mbewu, antchito akumalandira malamulo osemphana kuchokera kwa mabwana awiri, mpaka ena akumangokhala manja lende.

Mayi, tengani pepala lalikulu mujambule tchati cha maudindo. Pamwamba ikani bokosi la eni kampani, pansi pake manijala, kenako oyang'anira ndalama, nkhokwe ndi magalimoto. M'bokosi lililonse muyambe kulemba udindo, dzina pambuyo, chifukwa munthu amachoka koma mpando umatsala. Bokosi lililonse likhale ndi mzere umodzi wokha wopita kumwamba. Kumudzi timazidziwa kale izi: nyakwawa imatula nkhani kwa gulupu, gulupu n'kupita nayo kwa mfumu yaikulu.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1855, Daniel McCallum wa kampani ya sitima zapamtunda ya New York and Erie ku America anakonza tchati chooneka ngati mtengo, akuluakulu ali kumizu, antchito kunthambi.

Mukajambula, khomani pakhoma poonekera, ndipo muzikonzanso wina akasintha udindo. Tilembereninso, mayi, timve ngati phokoso lazilala.