Chikwapu cha Bulldozer

Mng'ono wanga wa ku Kanyama, udindo wa m'chipani wakupeza dzulodzuloli koma kayendedwe kasintha kale. Takhala pansi kaye.

Ukuwakumbukira a Bowman Lusambo? Anayamba ngati iwe, mnyamata wa chipani, akutsogolera gulu la MMD Die Hard. Mu 2016 anapambana ku Kabushi, ku Ndola, pa tikiti ya PF. A Edgar Lungu anawapatsa unduna wa chigawo cha Copperbelt, kenako mu 2018 wa chigawo cha Lusaka. Ankawatcha Bulldozer, eni ake n'kumakondwera nalo dzinalo.

Kenako zinagwa motsatizana. PF inaluza pa 12 August 2021. Khoti linawalanda mpando wa Kabushi chifukwa cha ziwawa za pa kampeni. Mu 2022 bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACC linawamanga, ndipo nyumba yawo ya ku Chamba Valley inalowa m'milandu. Mu November 2024 anagamulidwa zaka zinayi, ndende ya kalavulagaga.

Iwe ukuganiza kuti anagwa tsiku la chigamulo? Ayi ndithu. Bwerera ku 2020, nthawi ya Covid-19, pamene ndunayi inkayendera mabala usiku ndi apolisi, opezeka akumwa n'kumalawa chikwapu. Ena tinaseka, sindibisa. Koma ndi lamulo liti limapatsa nduna chikwapu? Munthu akazolowera kukhala wapolisi, woweruza ndi wokwapula nthawi imodzi, amaiwala kuti mpandowo ngobwereka.

Nanga pakamwa paja! Kunena poyera kuti K2 miliyoni ndi ndalama yongogulira zinthu m'sitolo, pamene mayi wa pa Soweto Market akuwerenga makhobidi a kapamela ka ufa wa madzulo. Mayiyo sanayankhe. Anasunga mawuwo mpaka tsiku loponya voti, ndipo ofufuza nawonso makutu anali nawo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsono dziyang'ane. Ndalama ukutolera kwa madalaivala pa siteshoni zili ndi lisiti? Poloti ija unagawira mlamu wako, pepala la khonsolo lilipo? Amene ankakudzudzula wawathamangitsa, watsala ndi anyamata okutcha bwana chifukwa cha mowa umene ukuwagulira. Amayi akakufunsa kumene yachokera galimoto, bwanji umapsa mtima m'malo moyankha?

Funso lomwelo adzakufunsa majisitireti, ndipo iyeyo sudzamukalipira.