ZA WODWAZIKA MATENDA

Munthu akadwala m'mudzi, anthu onse afunsa za iye. Alendo afika kudzazonda, nati, "Kodi agona bwanji odwalawo?" Koma ali owerengeka amene afunsa za mai uja wokhala kumutu kwa mphasa, amene sanaone tulo masiku atatu. Iyeyo ndiye wodwazika matenda, ndipo nchito yace iribe malipiro.

Taganizani, ana inu, za nchito imeneyi. Nkhalamba ikafa ziwalo, siikhoza kutembenuka yokha. Iyenera kutembenuzidwa pakapita maora 2 ali onse, usana ndi usiku, kuti zingaturuke zironda pamsana ndi m'ciuno. Iyenera kusambitsidwa, kumwetsedwa phala, ndi kucapiridwa nsaru. Wodwala cifuwa cacikuru amwa mankhwala tsiku ndi tsiku miyezi 6, ndipo pafunika wina womkumbutsa ndi kumperekeza kucipatala. Ngakhale akamgoneka komweko, mbale wace atsala naye, naphika panja pamafuwa, nagona pansi.

Tsono nthawi yonseyi munda uli wokha. Matenda akadza mu December kapena January, nyengo yopalira, udzu upambana cimanga, ndipo pokolola nkhokwe siidzala. Kawiri kawiri mtsikana wamkuru aleka sukulu kuti athandize amace. Wodwazikayo aonda, msana umpweteka, mtima wace ulema. Nthawi zina akalipa, pambuyo pace nacita manyazi. Tisamweruze, pakuti kutopa ndiko kwacita zimenezo.

M'buku la Eksodo, mutu 17, tiwerenga kuti manja a Mose analema, ndipo Aroni ndi Huri anawagwiriziza kufikira kulowa kwa dzuwa. Makolo athu anaidziwa nzeru yomweyo: anali kuphika thobwa, naitana dima, ndipo munda wa mnzao unatha tsiku limodzi. Masiku ano amai a Cigwirizano ndi a Mvano ayendera odwala atasenza ufa, nkhuni ndi sopo. Koma alipo alendo ena amene afika cimanjamanja, nakhala pakhonde kufikira madzulo kuyembekeza nsima. Otere, ngakhale anena mau okoma, aonjeza katundu pa mutu wolema kale.

Mwana wa sukulu nayenso ali ndi mbali yace. Poweruka akhoza kutunga madzi, kutola nkhuni, kupita kucigayo, ndi kutsekera mbuzi. Ndipo anyamata asanene kuti mtsuko uli wa akazi okha. Koma thandizo loposa onsewa ndi ili: khalani pafupi ndi agogo, muziingitsa nchenche ndi kuwapatsa madzi akumwa, ndipo munene kwa amai, "Amai, kagoneni pang'ono, ine ndiripo." Mukaturuka, sambani m'manja ndi sopo. Ngati nthenda iri ya cifuwa cacikuru, ana asakhale m'cipindamo. Zenera likhale lotsegula, ndipo inu muthandize ndi nchito za panja.