Dziwani ufulu wanu: kuyezetsa shuga kuchipatala

Ngati muli ndi matenda a shuga, kuyezetsa magazi m'chipatala cha boma n'kwaulere. Wogwira ntchito wokuitanitsani ndalama yam'thumba kuti akuyezeni, kapena wokugulitsani timapepala toyezera shuga ta chipatala, akulakwira lamulo. Zipatala za mishoni za CHAM ndi za anthu wamba zimalipiritsa.

Mukayezedwa, muli ndi ufulu wouzidwa zotsatira ndi tanthauzo lake m'chinenero chomwe mukumva, komanso kuti zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ngati mumadzibaya insulin, shuga amatha kutsika mwadzidzidzi, choncho musaope kufunsa dokotala ngati mungapatsidwe kamakina koyezera kunyumba ndi timapepala take. Zikasowa, akuuzeni tsiku lobweranso kapena akutumizeni kuchipatala china. Mukagula nokha kufamase, onetsetsani kuti timapepalato tikugwirizana ndi makina anu ndipo sitinathe ntchito.

Mukabwezedwa popanda chifukwa chomveka, yambani mwaonana ndi mkulu wa chipatalacho kapena komiti yake. Zikakanika, pitani kwa ombudsman (womva madandaulo) wa pachipatala cha boma cha m'boma lanu. Dandaulo lokhudza khalidwe la dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, ndipo ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo okhudza maofesi a boma.

Popita kukadandaula, tengani buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi mankhwala amene mukumwa. Lembani tsiku, nthawi ndi zomwe munauzidwa. Ngati mwafooka, pitani ndi wachibale wokuthandizani kufotokoza.