CHIKHALIDWE CHA PA NTCHITO NDI KUDZIPEREKA KWA APHUNZITSI

Sukulu iliyonse, ngakhale yunivesite, ili ndi chikhalidwe chake: m'mene akulu amalankhulira ndi aphunzitsi, m'mene nkhani zimagamulidwira, ndiponso m'mene wolimbikira amayamikidwira. Chikhalidwechi ndicho chimakuza kapena kupha mtima wodzipereka.

Mitundu Itatu ya Kudzipereka

M'chaka cha 1991 akatswiri aŵiri a ku Canada, John Meyer ndi Natalie Allen, adafotokoza kuti munthu amakhalabe pa ntchito pa zifukwa zitatu:

1. amawakonda malowo;
2. kuchoka kungamtayitse zambiri, monga malipiro ndi penshoni;
3. amaona kuti kukhala ndi udindo wake.

Malipiro amalimbitsa makamaka chifukwa chachiŵiri. Koma chikondi chimamera pokhapo pali kukhulupirirana.

Chitsanzo cha ku Zomba

Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa pa Chancellor College, nakamfunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Aphunzitsi anzake adaona kuti ufulu wophunzitsa mopanda mantha waphwanyidwa. Tsono adaleka kuphunzitsa, ndipo maphunziro adaima miyezi yambiri. Gwero la mkanganowo silidali ndalama ayi, koma kutha kwa chikhulupiriro.

Phunziro kwa Ife

Mphunzitsi wamantha amaphunzitsa zongokwaniritsa lamulo, ndipo olipira ndi ophunzira. Inu mukadzakhala aphunzitsi aakulu, funsani maganizo a anzanu musanagamule nkhani. Dzudzulani mseri, yamikani poyera. Mutu umodzi susenza denga.

Funso: Pa sukulu imene mudakayeserako kuphunzitsa, ndi mtundu uti wa kudzipereka umene udaoneka kwambiri? Fotokozani chifukwa chake.