Phunziro: Za Kukometsa Mau a Gitala

Abale, ambiri a ife titaya ndalama pogula timabokosi toponda ndi phazi, totchedwa overdrive, tisanamvetsetse amplifaya yathu. Tiyambe ndi iyo. Amplifaya ya machubu tikaikweza kufikira machubuwo alemedwa, mau ake ayamba kusasa pang'ono, ndiko kukoma kumene tifuna. Kabokosi kangoonjezera katundu pa machubu.

Taonani Tube Screamer ya Ibanez, yotuluka ku Japan m'chaka cha 1979, imene Stevie Ray Vaughan anailumikiza ku amplifaya za Fender. Ichepetsa mau a besi, nikweza a pakati, kotero gitala samira m'phokoso la ng'oma. Tsono titsitse chopotokola cha Overdrive, tikweze cha Level. Tikakhudza nsambo mofatsa, mau akhale oyera. Tikamenya kolimba, asase. Akasasa ponse pawiri, Overdrive yachuluka. Ndipo tisanagule, tiyese kabokosiko pa amplifaya yathu yomwe, si ya mwini sitolo ai.

Koma m'kati mwa amplifaya tisapisemo dzanja, pakuti magetsi oposa mavolti 300 angathe kutsalamo tingakhale tazimitsa. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri. Tisaiyatsenso sipika isanalumikizidwe, ingapse.