Mmene Ndinasankhira Ziwalo za Kompyuta ya Amalume

Anzanga ena akhala ali kundifunsa ku hostelo za kompyuta imene ndinalumikiza pa chuthi capitaci, koma belu logonera limatidula nkhani iri pakati. Cotero ndaganiza kulemba zonse pano, kuti wina akadzatumidwa nchito yonga iyi asadzataye ndalama za eni monga ndinatayira ine.

Amalume anga amajambula kanema pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Kujambulako sikuwabvuta. Cimene cinali kuwasowetsa tulo ndico kukonza kanemayo pambuyo pace: kudula malo oipa, kulumikiza abwino, kuikamo nyimbo ndi maina a akwati. Laputopu yao yakale inkatentha usiku wonse, ndipo mamawa ankaipeza itaima nchito isanathe. Banja lina linadikira kanema wa ukwati wao miyezi itatu, kufikira ankhoswe anabwera kudzafunsa ngati ndalama zao zinangodyedwa. Sabata yomweyo amalume anagulitsa ng'ombe imodzi naonjezapo ndalama za mtedza, nandiuza kuti, "Mphwanga, suja uli kuphunzira za makompyuta ku sukulu? Lemba zofunika, ukagule." Ine ndinabvomera msanga, pakuti ndinkadziyesa wodziwa.

Tiyambe tamvetsa cifukwa cace kanema amalemera cotere. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatana msanga, kawirikawiri 25 pa sekondi imodzi. Cithunzi ca mtundu umene amati 1080p ciri ndi mizere 1,080, ndipo mzere uli wonse uli ndi timadontho 1,920. Mukaculukitsa mupeza 2,073,600. Ca mtundu wa 4K ciri ndi timadontho 8,294,400, ndiko kuti kanai. Kamera yolemba ma megabit 100 pa sekondi imadzaza ma gigabyte 45 pa ora limodzi, ndipo inu nomwe mudziwa kuti ukwati wa kwathu sutha ndi ora limodzi. Katundu yenseyu asowa makina amphamvu.

Koma mphamvu yokha siikwana. Ogulitsa amakuonetsani ciwalo ciri conse pa cokha, namati ici ncatsopano, ico ncothamanga. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, kodi zidzamvana? Ali yense amene anakonzapo njinga adziwa kuti tayala la saizi 26 silingabvale rimu ya saizi 28, ngakhale litakhala latsopano bwanji.

Coyamba kusankha ndi processor, imene iri ngati bongo wa makinawo, pakuti zina zonse zimatsata iyo. Processor imakhala pa bolodi lalikulu limene amati motherboard, pa mpando wace umene amati socket, ndipo mipandoyi siifanana. A AMD anatulutsa AM4 m'caka ca 2016 ndi AM5 m'caka ca 2022. A Intel anatulutsa LGA 1700 m'caka ca 2021. Processor ya AM4 iri ndi timiyendo 1,331 kunsi kwace tolowa m'timabowo ta pa bolodi, pamene pa AM5 timiyendoto tiri pa bolodi, ndipo tilipo 1,718. Muona nokha kuti ziwirizi sizingakwatirane. Ine ndinasankha Ryzen 5 5600 ya AM4, yokhala ndi ma core 6, ndiye kuti anchito asanu ndi mmodzi ogawana munda umodzi, pamodzi ndi bolodi la B550. Ziripo zoposa izi ndithu, koma ng'ombe inali imodzi.

Pa RAM ndi pamene ndinagwa. RAM iri ngati mphasa yoyanikapo ufa: ikakhala yaing'ono mumayanika pang'ono pang'ono, ndipo dzuwa limalowa ufa usanathe. A Adobe, eni ace a pulogalamu ya Premiere Pro, amalangiza ma gigabyte 16 pa kanema wa 1080p ndi 32 pa wa 4K. Amalume amajambula 1080p, cotero 16 anali okwanira. Mwini sitolo ina m'tauni anandionetsa mitundu iwiri, DDR4 ndi DDR5, nati, "Acimwene, tengani DDR5, ndiyo yatsopano ndi yothamanga." Sananame ai. Koma iye sanandifunse za bolodi langa, inenso sindinamfunse kanthu, poopa kuoneka wa kumudzi. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Titafika kunyumba RAM ija inakana kulowa. Mukaziyang'ana, DDR4 ndi DDR5 nzofanana kutalika, ndipo zonse ziri ndi timano 288. Kusiyana kwace kuli pa kampata kakang'ono kamene kali pakati pa timanoto, kamene kayenera kukomana ndi kacitunda ka m'ngalande ya pa bolodi. Pa DDR5 kampatako kali pa malo ena pang'ono. Amalume, amene manja ao anazolowera khasu, anati, "Tapanikiza, mphwanga, zatsopano zimayamba zalimba." Ndibvomere kuti ndinaika cala cacikulu kuti ndipanikize. Cimene cinandiletsa ndi kabuku kamene kanagwa m'bokosi la bolodi, kamene ndinali ndisanakatsegule nkomwe. Pa tsamba lina loyambirira panalembedwa poyera kuti bolodi limeneli lilandira DDR4 yokha.

Opanga anaika kampatako dala, pakuti mitundu iwiriyi imalankhula ndi processor mosiyana, ndipo DDR4 imayendera ma volt 1.2 pamene DDR5 imayendera 1.1. Bolodi la AM4 limafuna DDR4, la AM5 limafuna DDR5. A LGA 1700 ndiwo onyenga koposa, cifukwa ena ndi a DDR4, ena a DDR5, kotero muyenera kuwerenga pa bokosi. M'mawa mwace ndinalipiranso minibasi kubwerera ku tauni. Mwini sitolo anayamba wakana, nati paketi ndinaing'amba. Nditamdandaulira nthawi yaitali anandisinthira, koma cenji sanandipatse, ngakhale DDR5 inali ya mtengo wokwererapo. Ndinatenga ziwiri za ma gigabyte 8, pakuti processor imatunga pa ziwirizo nthawi imodzi ndipo nchito imafulumira kuposa ndi imodzi ya 16. Kabuku kaja kanandiuzanso ngalande zoyenera, yaciwiri ndi yacinai kuwerenga kucokera pa processor.

Cina cofunika ndi graphics card, khadi imene imasenza nchito ya zithunzi. Amalume amakonzera kanema wao pa DaVinci Resolve ya a Blackmagic Design, imene iri ndi mtundu wace waulere, ndipo pulogalamu imeneyi imadalira khadiyo kwambiri. Tinapeza GTX 1660 Super yogwirapo kale nchito. Khadi zotere zimalowa pa bolodi la AMD kapena la Intel mosasankha, koma cenjerani ndi zinthu ziwiri. Yesani ndi rula ngati idzakwana m'bokosi la kompyuta, pakuti zina nzazitali kwambiri. Onaninso za magetsi. Khadi yathu imadya ma watt 125 ndipo imafuna cingwe cacecace ca mabowo 8 cocokera ku power supply. A Nvidia amalangiza power supply ya ma watt 450. Ife tinagula ya 550 kuti isamapume wefuwefu. Apa musaumire ndalama, cifukwa power supply yacabecabe ikapsa imatha kutenga ndi zinzace.

Za nkhokwe ndinene mwacidule. Hard disk ya mbale zozungulira imawerenga ma megabyte ngati 150 pa sekondi, SSD ya SATA ngati 550, ndipo SSD ya NVMe imatha kufika 3,500 kapena kuposa. Tinagula NVMe ya ma gigabyte 500 yosungamo Windows ndi ukwati umene uli pa nchito, ndi hard disk ya ma terabyte 2 yosungamo maukwati otha. Dziwani kuti SSD zopyapyala zimene amati M.2 ziripo za SATA ndi za NVMe, zooneka ngati mapasa, ndipo si malo onse a M.2 amalandira zonse ziwiri.

Zonse zitalumikizidwa ndinadina batani. Timafani tinayamba kuzungulira, koma sikirini inangoti bii. Amalume sananene kanthu, anangoturuka panja, ndipo ine ndinayamba kuganiza za ng'ombe ija. Patapita nthawi ndinazindikira kuti cingwe ca sikirini ndinacilowetsa kumbuyo kwa bolodi. Ryzen 5 5600 iribe cotulutsira zithunzi m'kati mwace. Mbale wace 5600G ndiye ali naco, ndipo kwa a Intel zosowa cimeneci ndi zimene dzina lace limathera ndi F. Nditasamutsira cingweco pa khadi, malemba anaoneka, ndipo ndinapfuula mwakuti agogo anaganiza kuti ndagwidwa ndi magetsi.

Kanema wa banja lija anatha m'masiku awiri, ndipo ndinakampereka ndekha pa njinga dzulo lace la tsiku lotsegulira sukulu. Ankhoswe ataonera anadandaula kuti iwo aoneka kawiri kokha. Kabuku ka bolodi ndabwera nako, kali m'sutikesi mwanga. Wofuna kukaona andipeze Loweruka tikatha kusesa. Za ndalama zimene zinatsalira kwa mwini sitolo, amalume anati adzazicotsa pa ndalama zanga za m'thumba, ncifukwa cace simuli kundiona ku takishopu teremu ino.