Mbeu ya Kutsindwi

M'chaka cha 2024 mvula inaleka pamene chimanga chinali pafupi kumasula, ndipo inakhala milungu yambiri osagwa. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lagwa m'tsoka la chilala, pakuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anapserera. Koma inu a m'chigwa cha Luangwa munadziwa kale kuti kulima kuno kulibe lonjezo. Chaka china dzuwa liwotcha. Chaka china Lupande adzaza, nakokolola minda. Chaka china zonse zicha bwino, ndipo usiku umodzi wokha njovu ziwoloka mtsinje ndi kudya thukuta la miyezi isanu. Ndani kwa Nsefu, kwa Kakumbi kapena kwa Jumbe anganene mu Novembala kuti nkhokwe yake idzadzaza?

Taonani chimene ankachita makolo anu pa njala. Ankasankha ngala zabwino za mapira ndi chimanga chonenepa, nazimangirira kutsindwi pamwamba pa moto, kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe. Nkhokwe itatha, ana alikulira, mai wa m'nyumba ankayang'ana mbeuyo masiku onse, koma osaitsitsa. Sanadziwe ngati mvula idzagwa. Palibe amene anamlonjeza. Komabe anadziwa kuti akadya mbeu lero, ngakhale mvula idzagwe yabwino chotani, munda udzakhala thengo.

Kudikira Mulungu kuli kotero. Yakobo Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, apereka mlimi ngati chitsanzo cha kuleza mtima, chifukwa mlimi alindira mvula yoyamba ndi yotsiriza, ndipo sangathe kuifulumiza. Mbeu ya Mkristu ndiyo chiyembekezo chimene analandira pa Ubatizo. Nthawi ya mtendere tonse tisunga mbeuyi mosavuta. Pamene mwana adwala ndipo mankhwala sathandiza, pamene thonje lagulidwa pa mtengo wochepa, pamene mwamuna wapita ku Lusaka kukafuna ntchito nakhala chete, apo ndi pamene dzanja lifuna kutsitsa mbeu.

Ambiri aitsitsa pa khomo la woombeza ula. Tisawaseke, pakuti chimene chiwatuma ndi mantha, ndipo mantha tiri nao tonse. Kusadziwa kupweteka kuposa njala yeniyeni; munthu afuna wina amuuze chimene chachititsa tsokalo ndi tsiku limene lidzatha. Woombeza ayankha msanga, nalandira nkhuku yake. Koma yankho lake kawirikawiri liri dzina la munthu: nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, kapena mlamu amene munda wake unapulumuka. Njala idzatha ndi masika, koma udani umene wabadwa tsiku limenelo udzafika kwa adzukulu. Chifukwa chake Eklezia aletsa kuombeza pa lamulo loyamba la Mulungu. Za mawa ziri m'manja mwa Atate, ndipo Iwo sanatipatse mphamvu ya kuzitsegula tisanafikeko.

Ena alakwa mwa njira yina: akhala pa mkeka, nati alikudikira Mulungu. Umenewo ndi ulesi. Mai wosunga mbeu uja ankapita ku dimba, nathirira ndiwo, ndipo mwamuna wake ankagona pa nsanja ya kumunda ndi moto ndi zitini zopirikitsira njovu.

Tsono kumbukirani Daniel Comboni Woyera, amene ana ake auzimu anadzakhala pakati panu pa Mishoni ya Chikowa. Iye anabadwa ku Italy mu 1831. Mu 1857 ananyamuka ndi anzake kupita ku Sudan. Malungo anapha ena mwa iwo, ndipo mu 1859 iye mwini anabwerera kwao ali wodwala. Munthu wina akadati Mulungu wakana. Comboni sanatero. Mu 1867 anayambitsa gulu la amishoni mu mzinda wa Verona, ndi gulu la asisteri mu 1872. Mu 1877 anadzozedwa Episkopi, ndipo chaka chotsatira chilala ndi njala ndi matenda zinagwa pa dziko la Sudan, nizitenga anthu ambiri pamodzi ndi amishoni ake. Anafa ku Khartoum pa 10 Okotobala 1881, ali ndi zaka 50 zokha. Patapita zaka zowerengeka nkhondo ya Mahdi inapasula mishoni zake, ansembe ndi asisteri ena nagwidwa ukapolo, ndipo Khartoum anagwa mu 1885.

Wina akadaima pa manda ake chaka chimenecho akadaona munda wopserera. Comboni sanamvepo dzina la Chikowa, sanaone mtsinje wa Luangwa. Komabe anyamata a m'boma la Mambwe anadzaphunzira umisiri ndi ulimi kwa abale a gulu lake, ndipo Misa inachitidwa m'midzi imene iye sanaiganizire konse. Eklezia anamlemba m'gulu la Oyera mu 2003, zitapita zaka 122 chimwalirire.

Pa Lamulungu loyamba la Adventi, nyengo imene ifika pamodzi ndi mvula yoyamba, katekisti awerenge mutu wa Yakobo uja m'tchalitchi cha kumudzi. Banja liri lonse libwere ndi mbeu yake pang'ono m'lichero, kuti ipemphereredwe isanalowe m'nthaka. Ndipo akulu a mpingo afunse mwakachetechete ngati pali amasiye kapena okalamba amene njala inawadyetsa mbeu yao, kuti amene anasunga awagawireko mvula isanapite patali.